Ndalama ya lanchi ija sitimaiwerengera pa bajeti

Mukafunsa munthu wa ku Ndirande kapena ku Area 25 kuti kodi banja lanu limadya kunja kangati pamwezi, ayankha msangamsanga kuti aaa ife zimenezo ayi, ndi za mabwana a ku Namiwawa ndi ku Area 43. M'mutu mwake akuganiza za KFC, Kips, Debonairs, zokhala pa tebulo weta nkubwera ndi menyu. Koma munthu yemweyo Lolemba mpaka Lachisanu ikangokwana 12 koloko mumupeza waima pa chiwaya, kapena ali kumsika kwa mayi ogulitsa nsima mbale ili pamwendo. Kumeneko nkudya kunja amwene, kungoti sitimakutchula choncho, ndiye ndalama yake imangotuluka mwakachetechete osalembedwa paliponse.

Chimene chimatikankhira kumeneko si dyera ayi, ndi mtunda. Munthu amakhala ku Bangwe kapena ku Chirimba ntchito ali nayo ku Ginnery Corner, ndiye akwere minibasi masana kukadya kunyumba nkubwereranso? Ya thiransipotiyo yokha yaposa mtengo wa mbale ya nsima, osanena za nthawi. Kumudzi vuto limeneli kulibe, ukaweruka kumunda nsima uipeza pakhomo, nchifukwa chake agogo athu mpaka lero amadabwa akamva kuti munthu wapabanja amagula nsima, amafunsa kuti kodi mpongozi wangayo saphika?

Ndiye mitengo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu Meyi 2022, kenako 44% mu Novembala 2023, ndipo wa chiwaya anazimva msanga kuposa ambirife chifukwa bizinesi yake yonse yaima pa mafuta ophikira, nkhuni ndi kachewere wochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, amene amabwera pa galimoto yomwera dizilo wa pamzere. Anyamata aja ndi ochenjera koma, amadziwa kuti akakweza kwambiri makasitomala athawa, ndiye amakweza pang'ono kwinaku akuchepetsa mulingo, tchipisi tochepa kabichi wambiri, chidutswa cha nkhuku chonsecho chasanduka ka phiko. Umalipira uli duu, 3 koloko njala yayambanso.

Pali ena oti ngakhale pa chiwayapo safikapo. Mu 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pamwezi, mukagawa ndi masiku ogwira ntchito ndi cha m'ma K3,500 patsiku, momwemo muchoke lendi, ufa, sopo, minibasi. Alonda, ogwira m'mashopu a ku Limbe, anyamata a pa zomangamanga, lanchi yawo ndi mandasi awiri kapena chinangwa chophika ndi madzi a pa mpopi, ena amangokagona pansi pa mtengo kudikira kuti ola lithe.

Magetsi nawonso ali ndi mbali yawo. Chaka cha 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira, anthu a makuka amafika kunyumba madzulo kuli mdima, makala akwera mtengo, ana akulira, basi mumangotuma mwana akagule tchipisi pa msewu. Izi sizinali za chisangalalo olo pang'ono.

Tsono pamene ineyo zimandiwawa ndi apa. M'mabanja ambiri amene amadya kunjayu ndi mmodzi, kawirikawiri bambo. Iye masana wadya nsima ya nyama ya mbuzi, mwina kanyenya madzulo ndi anzake, pamene kunyumba anasiya ndalama ya bonya ndi tomato wa mulu umodzi. Mukaphatikiza za lanchi za mwezi wonse nthawi zina zimafanana ndi ndalama ya ndiwo ya anthu asanu. Mayi akanena kuti bwanji muzitenga mpunga mu kontena, yankho lake ndi loti anzanga andiseka ku ofesi. Azimayi ogwira ntchito amanyamula makontena awo bwinobwino popanda manyazi, koma abambo ambiri eee, ngati mwawatukwana.

Za kumapeto kwa mwezi zija zopita ndi ana ku Gateway Mall kapena ku Chichiri, ine sindizida. Ana amasangalala, mumajambulitsa, zithunzi pa sitetasi ya WhatsApp kuti achibale aone kuti zikuyenda, ngakhale mawa lake achibale omwewo ayamba kuflasha kupempha ya feteleza. Koma imeneyo imachitika kamodzi, mumaikonzekera, ndipo aliyense pakhomo walawako. Fizi ikayandikira mu Januwale imayamba kudulidwa ndi imeneyo.

Ya lanchi ija sidulidwa. Mayi a nsima ali ndi kabuku kawo, amakulemba ukadya pangongole, ndipo malipiro akangolowa oyamba kulandira pa Airtel Money kapena Mpamba ndi iwowo, mwini nyumba ndi akazi ako amabwera pambuyo.