Sabata yomwe ndinalondola mawu akuti uisce beatha

Ndimaonetsa alendo malo pafakitale ina yotcheza wisiki ku Dublin, likulu la dziko la Ireland. Lolemba abwana anandipempha kuti ndilembenso chikwangwani chapakhomo, chifukwa chakalecho chinkangoti wisiki ndi "madzi a moyo", basi.

Masiku awiri oyamba ndinathera mumtanthauziramawu wa Chiairishi chakale wa Royal Irish Academy, womwe anayamba kuutulutsa mu 1913 n'kuumaliza mu 1976. Wisiki m'Chiairishi ndi uisce beatha: uisce ndi madzi, beatha ndi moyo, ndipo potchula amati "ishka baha". Mawuwa anangomasulira aqua vitae ya Chilatini. Chomwe chinandikhazika pampando mpaka madzulo n'chakuti uisce ali ndi kholo limodzi ndi water wa Chingerezi, voda wa Chirasha ndi hydor wa Chigiriki, pomwe beatha ndi wachibale wa vita yemweyo. Amene anamasulirawo sankadziwa n'komwe kuti akukumanitsa abale.

Lachitatu ndinawonjezera nkhani ya mu Annals of Clonmacnoise, buku lakale la mbiri ya Ireland: mu 1405 mfumu ina inamwalira pa Khirisimasi itamwa aqua vitae mopyola muyeso, ndipo wolembayo anati kwa iyo anali madzi a imfa. Abwana anachita tsinya, ati pano timagulitsa mabotolo. Tinakambirana, chiganizocho chinakhalabe pachikwangwanicho.

Koma mtima wanga unakodwa Lachinayi. Mayi wina wachikulire wa ku Connemara, kumadzulo kwa Ireland, amene Chiairishi anachiyamwira, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati kwawo ambiri amangoti fuisce. Ndinakafufuza. Angerezi anatenga uisce beatha, lilime likuwalemera n'kumati usquebaugh, kenako anadula mchira, mawuwo n'kusanduka whiskey. Ndiye Chiairishi chinabwerekanso whiskey uja n'kukhala fuisce. Mwana wapakhomo anapita kutali ngati matchona a ku Joni, n'kubwerera ndi dzina lina, abale n'kumulandira ngati mlendo. Ine amene ndimalota m'Chichewa koma ndimadyera Chingerezi, zinandikhudza kwambiri.

Lachisanu tinapachika chikwangwani chatsopano, fuisce ali pamzere womaliza. Gulu loyamba kuchiwerenga linali la alendo ochokera ku Poland. Bambo wina analoza pomwe ndinalemba voda, n'kundiuza kuti kwawo madzi ndi woda, ndipo anandipempha kuti ndimutchulire uisce kachiwiri, pang'onopang'ono.