Nyanja, mchere ndi Raman

28 February

Magetsi anathima mbandakucha, ndiye phunziro la Fomu 3 ndinalikonza ndi kandulo. Mutu unali wa kuwala. Ndili mkati mophunzitsa, mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja: "Aphunzitsi, bwanji nyanja imaoneka yabuluu pomwe madzi a m'ndowa alibe mtundu?" Anzake anaseka. Ine ndinaika choko pansi, chifukwa funso lomwelo linamuvutitsapo C.V. Raman, wasayansi wa ku India.

Ndinawauza kuti mu 1921 Raman ali m'sitima ya pamadzi kuchokera ku England, ankangoyang'ana nyanja ya Mediterranean. Lord Rayleigh, wasayansi wa ku Britain, anali atanena kuti nyanja imangobwezera mtundu wa thambo ngati kalilole. Raman anatenga kachipangizo kochotsa kunyezimira kwa pamwamba pa madzi n'kusuzumira. Nyanja inakhalabe yabuluu, ndipo iye anati madziwo ndi amene akumwaza kuwala. Kuchoka pamenepo sanapumenso, mpaka tsiku ngati lalero mu 1928, iye ndi womuthandiza wake K.S. Krishnan anatsimikiza kuti kuwala kukadutsa m'zamadzimadzi, kagawo kochepetsetsa kamatuluka katasintha mtundu. Kusinthako kumaulula chimene chili m'botolo ngakhale osalitsegula. Belu linalira ndisanamalize.

Madzulo amayi a kunyumba anandituma mchere pa okala. Ndikubwerera, kapaketi kali m'manja, nkhani ija inandibwereranso, koma mbali imene sindinawauze anawo.

Raman sanayambire m'kalasi. Mu 1907, ali ndi zaka 18, analowa ntchito yowerengera ndalama za boma la atsamunda ku Calcutta, likulu la India pa nthawiyo, doko limene tiyi ndi jute (ulusi wopangira masaka) zinkatulukira kupita ku Britain. Masana ankasunga mabuku a a Britain. M'mamawa ndi usiku ankapita pa nambala 210 Bowbazar Street, ku Indian Association for the Cultivation of Science, bungwe limene Mahendralal Sircar anakhazikitsa mu 1876 kuti amwenye azichita okha kafukufuku. Zaka zambiri akukhala moyo wotero! Mu 1917 anasiya ntchito yonona ija n'kukakhala pulofesa pa yunivesite ya Calcutta, malipiro atatsika kwambiri. Ine amene ndimawerengetsera masiku a mwezi, pamenepa ndimamuvulira chipewa.

Tsono taonani 1930. Pa 12 March, Gandhi, mtsogoleri womenyera ufulu wa India, ananyamuka wapansi ku Sabarmati, masiku 24 mpaka ku Dandi, kukatola mchere m'mbali mwa nyanja, poti boma linali litaletsa anthu kudzipangira mchere ndipo linkaudulira msonkho. Anthu oposa 60,000 anamangidwa. Mu December chaka chomwecho Raman anali ku Stockholm kulandira mphoto ya Nobel, munthu woyamba wa ku Asia kuipata pa sayansi, ali kale ndi dzina la Sir limene mfumu ya ku Britain inamuveka mu 1929. Wina anayang'ana nyanja n'kuona kuwala, wina n'kuona msonkho. Sindimuweruza Raman, koma zimandikhumudwitsa kuti Krishnan, amene ankakhalira kusuzumira m'chipinda chamdima, mphoto ija inamulambalala.

Ndinafika pakhomo ndiwo zitaphulidwa kale. "Bambo, mchere wake munakautola ku nyanja?" Tinangowaza m'mbale.