Kukonzekera mpikisano wa gofu wa matimu ku Mzuzu

Ife amene timasewera gofu mongoikonda kuno ku Mzuzu timaiwala kuti kumaliza mabowo 18 kumafuna kuyenda pansi maola pafupifupi 4. Choncho ndimalimbikitsa anzanga a mu timu kuti aziyenda mtunda wautali m'mawa, komanso aziwongola msana ndi mapewa asanagwire ndodo, makamaka mu June ndi July pamene kuzizira kumaumitsa minofu.

Koma chovuta kwambiri ndi kuugwira mtima. Pa foursomes anthu awiri amamenya mpira umodzi mosinthana, ndipo mnzako akauponyera mumchenga, iweyo ndiye uyenera kuutulutsamo popanda kumukwiyira. N'chifukwa chake ndimafuna kuti awiriwo aziyeserera limodzi, ndipo agwirizaniretu amene adzayambe kumenya pa bowo loyamba, popeza woyamba amasintha pa bowo lililonse.