BP inayamba kuyezedwa pa hatchi

Abale inu mumadandaula kuti lamba wa BP amafinya mkono, kale zinali zoopsa heavy. M'busa wina wa ku England, Stephen Hales, analemba mu 1733 zoti anamanga hatchi n'kuilowetsa kapaipi mumtsempha, magazi anakwera mu chubu chagalasi kupitirira mafiti 8 ndipo ankati kukwera kutsika mtima ukamagunda, koma hatchiyo inaona zakuda eti. Lambayu anabweretsa ndi Riva-Rocci wa ku Italy mu 1896 koma pa manambala awiri a BP aja ankapeza yam'mwamba yokha. Yam'munsi ija tithokoze Korotkoff, dokotala wa ku Russia, mu 1905 anamvetsera ndi stethoscope, kachipangizo kaja madokotala amaika m'makutu, kugunda kwa magazi lamba akamaphwa, pomwe kaphokosoko kathera ndiye nambalayo.