Kompyuta ikamauma poyaka chifukwa cha foda ya pa netiweki

Mutu umene wanditangwanitsa sabata ino pa maphunziro anga a Linux ndi wa mafoda a pa netiweki, a NFS ndi SMB (njira ziwiri zogawanira mafayilo pakati pa makompyuta). Kulumikiza foda yotere pamanja sikuvuta. Mavuto amayamba ukailemba mu /etc/fstab, fayilo ya mndandanda wa madiski ndi mafoda oti alumikizidwe, kuti izilumikizika yokha kompyuta ikamayaka.

M'labu yathu magetsi akabwera, makina onse amayakira pamodzi. Makompyuta athu amadzuka msanga, seva yosunga mafayilo ikadali m'mbuyo. Pa sikirini pamangoima mzere uja wa "A start job is running for", tinyenyezi tofiira tikuyendayenda, masekondi akuwerengedwa kulowera ku 1min 30s. Masekondi 90 amenewo ndi amene systemd, pulogalamu yoyendetsa kuyaka kwa Linux, imadikira ngati sunaiuze zina. Lamulo la systemd-analyze blame limaonetsa chimene chadya nthawi, ndipo journalctl -b imakuuza chifukwa chake.

Chimene chanditsegula maso ndi kusiyana kwa network.target ndi network-online.target, masitepe awiri a netiweki amene systemd imadutsamo poyaka. Yoyambayo sikutsimikizira kuti kompyuta yapeza kale adiresi ya IP. Yachiwiriyo imadikira, kudzera mu NetworkManager-wait-online kapena mnzake wa systemd-networkd. Komabe nayonso imangodziwa za mbali yako. Zoti seva kutsidyako yadzuka kapena ayi, ilibe nazo ntchito. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Ambiri amathamangira kunena kuti ingowonjezerani _netdev mu fstab, mawu ouza systemd kuti fodayo imafuna netiweki. Koma pa nfs ndi cifs (dzina la SMB mu fstab) systemd imazindikira kale kuti ndi za pa netiweki, choncho sizisintha kanthu. Imathandiza pa zinthu ngati diski ya iSCSI (diski yofikiridwa kudzera pa netiweki) yokhala ndi ext4 (kasungidwe ka mafayilo ka madiski a Linux), imene imaoneka ngati ya m'kompyuta momwemo.

Pali kuuma kwina kumene kumandidetsa nkhawa kwambiri. NFS ikalumikizidwa osaiuza zina, imakhala hard: seva ikasowa, kompyuta imangoyesabe osatopa. Ukalemba ls kapena df, malamulo oonera mafayilo ndi malo a pa diski, zii, palibe yankho. Ukayang'ana ndi ps, lamulo loonetsa mapulogalamu amene akuyenda, pulogalamuyo ili pa D, kudikira basi. Apa mtima umafuna kungoika soft, imene imasiya kuyesa pakapita kanthawi, kuti zithe. Koma buku la malangizo la nfs limachenjeza poyera kuti soft ingathe kuwononga deta mwakachetechete. Ine pa foda imene anthu amalembamo ntchito zawo sindingaiike. Kuli bwino munthu adikire kusiyana n'kudzatsegula fayilo mawa n'kupeza yaduka pakati.

Njira imene yandigwira mtima ndi yosalumikiza n'komwe poyaka. Mu fstab ndaika noauto,x-systemd.automount,x-systemd.mount-timeout=30, kenako ndalemba systemctl daemon-reload kuti systemd iwerengenso fstab. Kompyuta imayaka osadikira seva, ndipo foda imalumikizidwa pamene wina waigwira koyamba. Pofika nthawi imeneyo seva imakhala itadzuka kalekale. Poyesa ndinazimitsa seva dala n'kuyatsanso kompyuta: inafika polowera popanda kuima.

Chofunika kusamala n'chakuti "wina" ameneyo si munthu yekha. Pulogalamu yoonetsa mafayilo kapena yosunga makope ikangosuzumira m'fodamo, kulumikiza kumayamba, ndipo ngati seva ili chizimire pulogalamuyo idzaima masekondi 30 aja. Pulogalamu imene imafunadi fodayo kuti iyambe ndi bwino kuilembera RequiresMountsFor= mu fayilo yake ya systemd, kuti idikire yokhayo osati kompyuta yonse. Mbali imeneyi ndiyo ndikuiyesa tsopano pa pulogalamu yathu yosunga makope usiku.