Ku Japan chikwama chimagwira ndi mayi, koma...

Anthu inu, za ku Japan zimandizunguza mutu. Mabanja ambiri kumeneko bambo akalandira salale amapereka yonse kwa mkazi wake, mayiyo ndi amene amapanga bajeti, lendi, fizi ya ana, zakudya, kenako amampatsa bamboyo kangachepe kapamwezi kotchedwa okozukai, ka lanchi ndi kabotolo akaweruka. Ukakamaliza pa 15 basi ukagwade kukhitchini kkkk.

Ndiye mungaganize kuti azimayi ali pabwino eti? Dikirani kaye. Lamulo lawo limati anthu akakwatirana akhale ndi dzina limodzi la banja, ndipo pa maukwati 100 alionse pafupifupi 95 ndi mkazi amene amasiya dzina lake. Khoti lalikulu linagamula mu 2015 komanso mu 2021 kuti lamuloli lilibe vuto. Koma imene inandiwawa kwambiri ndi ya mu 2018, zitaululika kuti Tokyo Medical University inkadula dala malikisi a atsikana pa mayeso olowera, ati akadzakwatiwa n'kubereka adzasiya udokotala. Tangoganizani mwana wachezera kuwerenga usiku wonse maso psuu, kenako wina muofesi n'kumuchotsera malikisi chifukwa choti ndi mtsikana basi.

Mu October 2025 mayi Sanae Takaichi anakhala nduna yaikulu yoyamba yachizimayi m'dzikolo, koma chodabwitsa n'choti iwowo ndi mmodzi mwa okana zoti okwatirana azisunga maina osiyana. Kwawoko amuna awo ndi amene anatenga dzina la Takaichi kkkk.