Akuluakulu ndi achinyamata sakumvana za Superman ndi Batman

Mkangano wa mafilimu a masupahiro wafika povuta. Akuluakulu akuti Superman weniweni ndi Christopher Reeve wa mu 1978, achinyamata akuseka kuti ankauluka pa zingwe. Eetu, zingwe zinalipo. Koma taonani mmene bambo uja ankasinthira: akavala magalasi, n'kugwetsa mapewa, mawu n'kumachita chibwibwi, unkakhulupiriradi kuti Clark Kent, yemwe ndi Superman akadzibisa ngati munthu wamba, ndi munthu wina. Zimenezo kompyuta singapange.

Komabe akuluakulu musanyanye. Michael Keaton amene mukumutamanda leroyu, atangosankhidwa kukhala Batman wa mu 1989, okonda makomiki analemba makalata ambirimbiri aukali kupita ku kampani ya mafilimu ya Warner Bros. kuti munthu wa nthabwala sangakwanitse. Ndipo chovala chake chija chinali chouma moti khosi silinkatembenuka, pofuna kucheuka ankazungulira thupi lonse. Vutoli anadzalikonza mu The Dark Knight ya 2008.

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi apa: filimu yakale unkangoonera, nkhani n'kuthera pomwepo. Filimu zolumikizana za kampani ya Marvel zinayamba ndi Iron Man mu 2008, pofika pa Avengers: Endgame mu 2019 zinali zitakwana 22. Ukaphonya zingapo umangoona anzako akuwomba m'manja, iwe osadziwa kuti walowayo ndani. Imeneyo ndi homuweki, abale.

Achinyamata nawo mfundo ali nayo, dziko lopeka la Wakanda la mu Black Panther silikanatheka ndi zingwe.

Tsono Spider-Man wanu ndi uti, Maguire, Garfield kapena Holland? Ine ndili kwa Maguire, ndipo musandivute.